Dobi ndi Mtengo wa M'galasi

Ku Chigumula, kumtunda kwa madimba, kunali munthu wina dzina lake Sailasi. Ntchito yake inali ya udobi. Anachapa ndi kusita nsalu za pa chipatala china cha mishoni kuyambira ali mnyamata mpaka imvi zitamera, ndipo pa zaka zonsezo palibe nsalu imene inabwezedwa kwa iye kuti aichapenso. Ankadziwa banga la magazi, banga la tiyi, banga la dzimbiri, ndi mankhwala a lililonse. Chiphunzitso chake chinali chachifupi. Banga likakana, onjeza sopo. Likakanabe, onjeza jiki. Chinthu chikayera ndiye kuti chachira. Atapuma pa ntchito sanasiye khalidwe limeneli. Bwalo ankasesa yekha, ndipo malaya ake a Lamulungu ankadziwika mpingo wonse.

Sailasi anali ndi mkulu wake, Yotamu, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa doko la Nacala, m'mbali mwa nyanja ya mchere. Pamene Yotamu ankabwerera kwawo, abale ankayembekeza kuti abwera ndi galimoto kapena chigayo. Iye anabwera ndi thanki yagalasi yaitali ngati benchi, matumba a mchere, miyala ya m'nyanja, ndi kanthambi kofanana ndi chala kali m'botolo la madzi. Kanthambiko kanali korali, chamoyo cha pansi pa nyanja ya mchere chimene chimachita nthambi ngati mtengo. Mkati mwake ndi mwala. Chamoyo ndi mnofu wopyapyala wokuta mwalawo, ndipo mnofuwo ndi umene uli ndi mtundu. Mnzake wina wa padoko ndiye anamuthyolera kanthambiko potsanzikana.

Yotamu ndi mkazi wake Nangozo anaika thankiyo pabalaza, nasungunula mchere, naikamo tinsomba towerengeka tamawangamawanga. Kanthambi kaja anakakhazika pamwala wapakati. Kankakula mochedwa kwambiri. Chaka chathunthu kankangowonjeza ngati mfundo imodzi ya chala. Koma zaka zinapita, ana anakula nachoka, ndipo kanthambi kanasanduka chitsamba chonga tiyi wodulira bwino wa ku Thyolo. Mtundu wake unali wakhofi wosakanikirana ndi wobiriwira, nsonga zake zonga thambo. Pathupi pake ponse panali tiubweya timene tinkagwedezeka ndi madzi. Pakhomopo ankangoutcha mtengo.

Sailasi ankakhala m'nyumba yaing'ono pabwalo lomwelo. Mtundu wa mtengowo sunkamusangalatsa. Kwa iye unkaoneka ngati nsalu yosatsukuluza.

"Achimwene," ankatero, "mtengo wanuwu mumauchapa liti?"

Yotamu ankaseka. "Iwe dobi, manja akowo asayandikire pano."

Yotamu anali ndi malamulo ake, ndipo sanali ambiri. Nsomba ankazipatsa chakudya chongotsina ndi zala ziwiri, kamodzi pa tsiku. Madzi ankatenga a m'makina osefera, amene ankatulutsa madzi dontho ndi dontho, mwakuti ndowa inkadzaza munthu atapita kumsika n'kubwerako. Loweruka lililonse ankachotsa ndowa imodzi ya madzi akale n'kuthira ina yatsopano. Kenaka ankatunga madzi pang'ono m'kabotolo, n'kudonthezeramo mankhwala, n'kuyang'ana mtundu wake pazenera. Sailasi ankaona zonsezi ngati masewera a munthu wopanda chochita.

Yotamu anadwala. Ataona kuti matendawo sadzuka nawo, anaitana mng'ono wake pabalaza, pamene anamuyalira kuti aziona thanki yake.

"Sailasi, ana ndalera, apita. Chatsala ndi mtengo uwu. Undisungire."

"Musadere nkhawa, achimwene. Chinthu chili m'manja mwanga sichida."

"Sindikunena za kuda. Tamvera. Mtengo uwu sufuna zambiri. Umafuna zomwezomwezo tsiku lililonse."

Sailasi anavomera, ndipo anavomera ndi mtima woona.

Maliro atatha, Nangozo anatengedwa ndi mwana wake wamkazi kupita ku Mzuzu, chifukwa miyendo inkamutupa ndipo ankafunika womuyang'anira. Thanki sikanatheka kuyenda ulendo wotero. Abale anagwirizana kuti Sailasi ndi mkazi wake Nachisale asamukire m'nyumba yaikulu. Mwana wamwamuna wa Yotamu, amene ankagwira ntchito ku Joni, analonjeza kuti azitumiza mchere ndi zina zofunika, ndipo anasungadi lonjezo.

Miyezi yoyamba anthu ankabwera kudzapepesa. Ankakhala pabalaza, n'kunena mawu awo achitonthozo, koma maso ali pa nsomba. Tsiku lina mwana wa mlendo anapempha kuti aponye chakudya. Sailasi anakumbukira lamulo la zala ziwiri. Anayang'ananso mayi wa mwanayo, amene anayenda wapansi kuchokera ku Bangwe kudzalira nawo. Munthu wotere ungamukanize bwanji kachakudya ka nsomba? Anapereka chitini. Mwana wachiwiri naye anatambasula dzanja, ndipo kupatsa wina n'kumana wina kukanakhala kukondera.

Chinayamba chotero. Posakhalitsa chinasanduka mwambo wa pakhomopo. Mapemphero a mphakati akachitikira m'nyumbamo, aliyense potuluka ankatsina pang'ono n'kuponya. Amayi a chigwirizano ankaponya. Wogulitsa makala ankaponya. Nsomba zinanenepa, ndipo zikaona munthu zinkathamangira kugalasi. Sailasi ankakondwa. Ankati mumtima mwake, kwa achimwene nsombazi zinkagona ndi njala.

Kenaka kunabwera vuto la madzi. Mipopi inkauma masiku angapo otsatizana, ndipo ikatuluka, makina osefera aja ankachita zawo zomwe zija, dontho ndi dontho. Kumunsi kwa madimba kunali chitsime. Sailasi anatungako madzi m'kapu yoyera nawayang'ana padzuwa. Analibe kachitsotso ngakhale kamodzi. Anawanunkhiza, nawalawa. Anali madzi oti akanatsukuluzira nsalu za m'chipinda cha opaleshoni. Kuyambira tsiku limenelo makina osefera anawaphimba ndi nsalu, nayamba kusungunula mchere m'madzi a pachitsime.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Palibe choipa chimene chinaoneka, ndipo Sailasi anaiwala kuti panali malamulo.

Tsiku lina m'mawa anaona kabanga kofiira pamchenga wa pansi pa thanki, ngati pamene padonthera magazi a nkhuku. Sanachite mantha. Kunena zoona, mtima wake unadumpha pang'ono, chifukwa banga ndiyo inali ntchito yake. Anapinda malaya, napisa dzanja, nakachotsa. Kanali koterera ngati therere. Madzulo kanabwerera, ndipo kanabwera ndi anzake.

Zinali ndere zofiira. M'mawa zinkaoneka zochepa, koma nyali ya thanki ikayaka zinkayala ngati bulangete, zitagwira timathovu tating'onoting'ono. Zinakuta mchenga. Zinakwera miyala. Sailasi anagula burashi yatsopano. Ankakwecha m'mawa, ankakwecha masana, ndipo mawa lake ankapeza ntchito yake yonse yafafanizika.

Nachisale anaima pakhomo la kukhitchini akumuyang'ana.

"Abambo, mwayamba kuchapa miyala? Mukamaliza mundiuze ndikoleze makala, muisite."

Sailasi sanaseke. Pa moyo wake wonse linali banga loyamba kumukana.

Nangozo ankaimba foni mwezi ndi mwezi, ndipo akamaliza kufunsa za anthu ankafunsa za mtengo. Sailasi ankayankha kuti zonse zili bwino. Sankadziona ngati wonama. Ankati mawa banga lichoka, ndipo mawu ake asanduka oona. Koma ndere zinafika patsinde pa mtengo, n'kuyamba kukwera nthambi za m'munsi.

Nthawi yomweyo abale anapangana tsiku lovundukula chiliza cha Yotamu. Anati abwera a ku Ntcheu, a ku Lilongwe, ndi mwana wa ku Joni. Nangozo nayenso abwera, ngakhale pa ndodo. Ndipo onsewo, pochokera kumanda, adzakhala pabalaza pomwepo.

Apo m'pamene Sailasi anaimba foni naulula.

Nangozo sanakalipe. Anamuuza kuti atenge kabotolo kaja m'kabati, atungemo madzi, adonthezeremo mankhwala, ndipo anene chimene akuona. Sailasi anachita. Madzi anasanduka obiriwira bii, ngati buluu wochapira amene wachuluka m'beseni.

"Kwa achimwene anu ankangosintha pang'ono, moti unkachita kutsinzinira kuti uone," anatero Nangozo. "Alamu, nsombazo mukuzidyetsa kangati?"

Sailasi anafotokoza za alendo.

"Nanga madzi?"

Anafotokoza za chitsime, ndipo anawonjeza kuti madziwo ndi oyera kwambiri.

"Chitsime cha kumunsi kwa madimba a kabichi chija? Kumene amathira feteleza chaka chonse?"

Sailasi anavomera kuti ndi chomwecho.

"Tamverani, alamu. M'madzimo mwachuluka fosifeti. Ndi chakudya chomwe chija chili mu feteleza wokulitsa. Sichioneka ndi maso. Chimachokera m'zakudya zotsala zimene zikuolera m'miyala, ndiponso m'chitsime chanucho. Nderezo si banga. Ndi munda. Mwauthira feteleza nokha, ndipo mukamakwecha mukungopalira."

"Ndiye mankhwala ake n'chiyani?"

"M'kabati momwemo muli chitini cha mchenga wofiirira ngati dzimbiri. Umamwa fosifeti. Mutapeko masupuni awiri okha, muike m'kathumba kansalu pafupi ndi pampu yoyendetsa madzi m'thanki, ndipo muzisintha pa sabata. Chakudya mubwerere ku zala ziwiri. Makina osefera muwavundukule."

"Zitha liti?"

"Miyala ija yamwa kale, ngati mmene mphika wadothi umamwera mafuta. Izilavula pang'onopang'ono. Mwina mvula ikamayamba mudzaona kusintha."

"Alamu, chiliza ndi mwezi uno!"

"Ndikubwera kudzaona manda a mwamuna wanga. Sindikubwera kudzayendera ukhondo. Ndere ndinaziwonapo kale, sizindiopsa. Chondiopsa ndi manja anuwo. Munandichapira chitenje changa chamaluwa chija, maluwa onse anathawa."

Sailasi anaseka pang'ono, mwamanyazi.

"Ndikunena zoona, alamu," anapitiriza Nangozo. "Mtengo wazolowera madzi onona. Mukaulanda zonse tsiku limodzi, sungapirire. Musathamange."

Sailasi anamvera. Anaika masupuni awiri. Makina osefera anawavundukula. Chitini cha chakudya anachibisa kuchipinda, ndipo a mphakati atafunsa anawauza, maso ali pansi, kuti nsomba zikudwala. Sabata inatha. Anayeza madzi, ndipo buluu uja anali atangochepa pang'ono. Ndere zinali pomwepo, zofiira psuu.

Anayamba kuona tsikulo m'maganizo mwake. Ankaona alamu ake akulowa ndi ndodo. Ankaona mwana wa ku Joni, amene sanaphonyepo kutumiza mchere, ataima patsogolo pa galasi osanena kanthu. Ankamva a ku Ntcheu akunong'onezana panjira kuti munthu anachapa za chipatala chonse, koma chinthu chimodzi cha mbale wake chamukanika. Za mtengo ankaziganiza, koma zimene zinkamusowetsa mtendere zinali maso a anthu.

M'mawa wina, atamaliza kusesa, anatenga chitini cha mchenga nachiyeza m'manja. Chinali cholemera. Anaganiza monga anaganizira moyo wake wonse. Ngati masupuni awiri achita pang'ono, chitini chonse chichita zonse. Anatenga pilo wakale, nadula nsalu yake, nasoka thumba lalikulu. Ankasoka bwino, mizere yowongoka.

Nachisale anamupeza akukhuthula.

"Kodi alamu anati masupuni angati?"

"Alamu ndi munthu wabwino," anatero Sailasi, "koma sanachapepo nsalu za chipatala."

Anamanga thumbalo pakamwa pa pampu, pamene madzi onse a m'thanki ankadutsa.

Ndipo zinagwira ntchito. Patangopita masiku ochepa anayeza madzi, ndipo m'kabotolo munalibe buluu ngakhale pang'ono. Ndere zinayamba kufooka. Zinatuwa, zinasupuka ngati nsanza, ndipo iye anazikoka ndi paipi. Mawa lake sizinabwerere. Mchenga unayera. Miyala inaoneka. Sailasi ankayenda m'nyumba akuimba nyimbo za m'buku.

Kenaka anaona kuti mtengo nawo wayamba kusintha. Tiubweya tija tinalowa mkati. Patsinde panaoneka mzere woyera, ndipo mzerewo unkakwera. Timinyenyeswa takhofi tinkasupuka panthambi n'kumayandama m'madzi, ndipo pamene tachoka pankatsala poyera mbee.

Sailasi anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Anaona chimene anali atachiona kambirimbiri m'beseni, litsiro lakale likusiyana ndi nsalu. Anakumbukira funso lake lija, lakuti mtengowu mumauchapa liti, ndipo anati mumtima mwake, ndinkanena zoona. Anatenga mswachi wofewa, napisa dzanja, nathandiza pamene pankachedwa. Anachita mosamala kwambiri, nthambi ndi nthambi, monga ankachitira ndi kolala ya malaya a dokotala.

"Nachisale, tabwerani mudzaone! Zaka zonsezi achimwene ankasunga mtengo wakuda osadziwa."

Nachisale anawerama nayang'anitsitsa.

"Wayeradi. Koma bwanji sukugwedezeka ngati kale?"

"Wapepukidwa. Ukupuma."

Chisoni chake chinali chimodzi chokha, chakuti Yotamu sanakhale ndi moyo kuti aone. Nangozo ataimba foni, Sailasi anangoti, "Mudzaona nokha, alamu," ndipo anakana kunena zambiri.

Tsiku linafika. Abale anasonkhana, napita kumanda. Abusa anapemphera, nyimbo inaimbidwa, ndipo Nangozo, atagwiriziridwa ndi ana ake, anakoka nsalu imene inaphimba chiliza. Analira pang'ono, mwaulemu. Kenaka onse anabwerera kunyumba.

Sailasi anali ataphimba thanki ndi nsalu yoyera yosita bwino. Anadikira kuti anthu akhale pansi, ndipo Nangozo atalowa, anaichotsa.

Madzi anali ngwee. Mchenga unali mbee. Pakati panaima mtengo, woyera kuyambira patsinde mpaka kunsonga, ukuwala pansi pa nyali. Ana anaomba m'manja. Mayi wina wa ku Ntcheu anati, "Koma abale, kuyera kwake! Ngati wa pa ukwati." Sailasi anaima pambali, manja kumbuyo.

Mwana wa ku Joni anayang'ana kamodzi, natuluka panja.

Nangozo anayandikira ndi ndodo yake. Anaima pagalasi. Kenaka anapempha mpando, nakhala.

"Alamu, chitini chija chili kuti?"

Sailasi anakachitenga. Nangozo anachigwedeza, ndipo sichinalire. Anachiika pansi pang'onopang'ono.

"Ndere zatha, alamu," anatero Sailasi. "Taonani, palibe ngakhale kamodzi."

"Zathadi."

"Ndipo mtengo wayera."

Nangozo anatembenuka namuyang'ana. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo zimenezo n'zimene zinamuopsa Sailasi.

"Alamu, awa ndi mafupa. Zakhofi zija munkachotsa sizinali litsiro. Unali mnofu wake. M'mawa uno tavundukula chiliza chimodzi. Ichi mwativundukulira n'chachiwiri."

Mayi wa ku Ntcheu uja anagwira pakamwa. Mmodzimmodzi anthu anayamba kutuluka, ngati akukaona za chakudya, mpaka munatsala atatu, Sailasi, mkazi wake, ndi Nangozo.

Sailasi anafuna kunena kuti anachita zonsezi chifukwa cha chikondi. Anatsegula pakamwa, koma anadziwa kuti si zoona zonse. Anakumbukira mswachi. Anakumbukira kusamala kwake, nthambi ndi nthambi. Anakhala pansi pasimenti, malaya ake oyera ali chomwecho.

"Achimwene anandiuza," anatero. "Inunso munandiuza."

Maso a Nangozo anali kwina. Anali atapendeketsa mutu, akusuzumira kumbali kwa thanki.

"Nachisale, tandigwirani. Ndikufuna ndione kuseri."

Anamuthandiza kuimirira. Nangozo anasuzumira pampata wa pakati pa thanki ndi khoma kwa nthawi ndithu, kenaka anakodola Sailasi.

Kuseri kwa tsinde, pansi penipeni, pamene mwala unkatchinga madzi a pampu, panali kachigamba kakhofi kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Tiubweya take tinali kunja, tikugwedezeka.

"Aka kokha ndiye kamoyo," anatero Nangozo. "Mswachi wanu sunakafike."

"Kangakule?"

"Kangathe, mukakasiya."

"Mpaka kufika ngati kale?"

"Achimwene anu anayamba ndi chala chathunthu, tsitsi lawo lili lakuda bii."

Sailasi anayang'ana manja ake. Anali manja a nkhalamba, osuka ndi sopo wa zaka zambiri.

Anapempha kuti Nangozo akatenge kachigambako, kapena mwana wa ku Joni apite nako kwa odziwa. Nangozo anakana. Anati kofooka chotero sikangayende ulendo, ndipo anawonjeza kuti mwamuna wake anasiya mtengo m'manja mwa Sailasi, osati mwa wina.

Alendo atabalalika, Sailasi anachotsa thumba lalikulu lija. Pasanapite nthawi miyala inayambanso kulavula zimene inamwa, monga ananenera Nangozo, ndipo ndere zinabwerera pamchenga. Choncho ntchito imene anaithawa anaigwirabe, yonse, kuyambira pachiyambi. Masupuni awiri pa sabata. Zala ziwiri pa tsiku. Ndowa imodzi Loweruka, ya madzi a dontho ndi dontho. Mwana wa mlendo akatambasula dzanja, Sailasi ankati, "Ayi, mwanawe, zadya kale," ndipo anadabwa kuona kuti palibe mlendo amene anasiya kubwera chifukwa cha mawu amenewo. Mvula itayamba, ndere zinachepa. Mvula itatha, zinatheratu, ndipo sizinabwerenso. Zinayenda monga momwe anauzidwira.

Mafupa aja sanawachotse, chifukwa kachigamba kanali kogwirira patsinde pake. Anakhala nawo pabalaza zaka zake zonse zotsala. Mlendo watsopano akalowa, nthawi zambiri ankayamba ndi kuyamikira nthambi zoumazo, ndipo Sailasi ankamutengera kumbali kwa thanki, n'kumuonetsa pampata wa khoma. Pamene maso ake ankayamba kuchita khungu, kachigambako kanali katatulutsa kanthambi kamodzi, kosafika ngakhale pa chala chimene Yotamu anabwera nacho.

Tsono inu amene muli ndi ana m'nyumba, inu aphunzitsi, ndi inu akulu a mpingo, imvani. Munthu uyu analakwa kawiri. Poyamba anachita manyazi kunena kuti ayi pamene ayi anali wotsika mtengo, ndipo choipa chinalowa mwakachetechete, tsiku ndi tsiku, mpaka miyala inamwa. Kachiwiri anafuna kuchotsa m'mawa umodzi chimene anachiunjika zaka, ndipo chinamufulumizitsa sichinali chikondi, koma maso a alendo. Dongosolo si ukali wa tsiku limodzi. Ndi muyezo womwewo, lero ndi mawa, pamene palibe wokuonani.

Mwana amene mwamulekerera kuyambira ali kumsana simungamuwongole Loweruka limodzi chifukwa chakuti Lamulungu kukubwera abusa. Mukatero adzakhaladi chete. Adzaleka kuyankha, adzaleka kufunsa, ndipo anansi adzakuyamikirani kuti nyumba yanu yayera. Musanavomere kuyamikirako, weramani, muyang'anitsitse ngati mwa iye mukadali kanthu kogwedezeka.